Yankho kwa mlongo wa ku Katete amene akufuna kukhala lekichala wa zachuma cha malaiti ndi chilengedwe

Mlongo wanga, mwati mukumaliza digiri ya economics chaka chino ndipo mtima uli pa kuphunzitsa ndi kufufuza nkhani za malaiti, makala ndi nkhalango, koma a kunyumba akuti mungopeza ntchito ku banki. Ambiri muno akuyankhani kale kuti pitani, Mulungu atsogola. Inenso ndikuti pitani, koma popeza njirayi ndaiyenda, lekani ndikuuzeni zimene zili m'menemo.

Chimene chimabweza anthu ambiri panjira ndi masamu. Akamva za chilengedwe amayesa kuti ndi phunziro lofewa, lokamba za kubzala mitengo. Ayi ndithu. Mkati mwake ndi microeconomics (mmene mabanja ndi makampani amasankhira zogula ndi zogulitsa) ndi econometrics (kuyeza nkhani za chuma ndi manambala), ndipo amene amasankha ophunzira a masitazi amayamba kuyang'ana magiredi a maphunziro awiriwa. Ngati mukutsimphina pamenepo, konzani tsopano mukadali pasukulu. Phunzirani pulogalamu ya pakompyuta yosanthulira manambala: R, ndi yaulere, kapena Stata ngati ilipo. A ZamStats, bungwe la boma la ziwerengero, ali ndi Living Conditions Monitoring Survey (kafukufuku wa kakhalidwe ka mabanja) ndiponso kalembera wa 2022, ndipo monsemo mabanja anafunsidwa chimene amaphikira ndi chimene amaunikira. Yambani kugwira manambala amenewo ndi manja anu.

Chimene ndikufuna mumvetse kwambiri n'chakuti funso la kafukufuku wanu lili pakhomo, simufunika kukalibwereka kunja. Kumbukirani 2024. Mvula inakana, pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi ngozi ya dziko lonse, ndipo madzi ku Kariba anatsika koopsa. Malaiti athu ambiri, kuposa magawo 80 pa 100, ankachokera ku madzi, ndiye zotsatira zake tonse tinaziona. Owotcherera zitsulo ankadzuka pakati pa usiku kuthamangira maola ochepa amene malaiti abwera, achigayo anabwerera ku dizilo, ndipo nyumba zokhala ndi sitovu zinatulutsa mbaula. Muimepo mbandakucha pamsewu wolowa mu Chipata muone abambo akukankha njinga, matumba a makala atawasanja mpaka kupitirira mutu, thukuta lili chuchuchu. Ndiye madzulo muone mayi ku Kapata akugula makala a m'kapulasitiki ongokwana kuphikira nsima ya usiku umenewo, chifukwa ya thumba lonse alibe. Mayi ameneyu, mukawerengera pa kilo, amalipira zambiri kuposa wogula thumba. Wosauka ndiye amagula moto modula.

Ntchito yathu imayambira pamenepo. A Energy Regulation Board (ERB) akalola kampani ya malaiti ya ZESCO kukweza mtengo wa mayuniti, ndi mabanja angati amene asiya sitovu n'kubwerera ku mbaula, ndipo ndi mitengo ingati imene igwe? Koma mtengo ukakhala wotsika kuposa ndalama zopangira malaitiwo, kampani imamira m'ngongole, ndipo palibe amene afuna kuika ndalama zake pomanga malo atsopano a sola. Migodi imatenga pafupifupi theka la malaiti onse, nanga iyo izilipira zingati? Ena amati boma lingoletsa makala. Ine sindigwirizana nazo pamene palibe china chophikira chimene mayi uja angakwanitse, chifukwa mawa adzaphikabe, kungoti makala adzakwera mtengo ndi kuyenda usiku. Koma maganizo anga si umboni. Dziko likusowa anthu oyeza zimenezi bwinobwino.

Nkhani ya kaboni, mpweya wotenthetsa dziko umene mitengo imasunga ikapanda kudulidwa, nayo ili kwathu konkuno. Ku chigwa cha Luangwa kuli ntchito za BioCarbon Partners ndi COMACO, kumene midzi imalandira ndalama chifukwa chosunga nkhalango. Wofufuza amafunsa kuti pa ndalamazo zofika pa banja ndi zingati, kodi nkhalangoyo ikanadulidwadi pakanapanda ntchitoyo, ndiponso kodi odula sanangosamukira kwa mfumu yoyandikana. Muwerenge za Elinor Ostrom, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2009. Iye anaonetsa kuti anthu angathe kusamala nkhalango, madzi kapena msipu wa onse ngati malamulo apanga okha, malire akudziwika, ndipo wolakwa amalangidwa. Ife amene malo ambiri ali m'manja mwa mafumu, zimenezi zimatikhudza mwachindunji.

Inu muli ndi chimene ofufuza ochokera kutali alibe. Mumadziwa kulonjera kwa a nyakwawa musanatulutse pepala, ndipo wootcha makala adzakuuzani zoona m'Chinyanja akatsimikiza kuti simuli wa za nkhalango wodzamulanda katundu. Chimandipweteka n'chakuti ana athu ambiri amathera pa kufunsa mafunso m'midzi ndi kumasulira, kenaka pepala limatuluka lopanda dzina lawo. Yambirani pamenepo ngati ndi pamene pali khomo, koma pemphani kuti mukhale nawo posanthula manambala ndi polemba, ndipo za dzina mukambirane ntchito isanayambe.

Masitepe ake ndi odziwika: masitazi chaka chimodzi kapena ziwiri, kenaka PhD zaka zitatu mpaka zisanu. Popanda PhD mutha kuyamba kuphunzitsa, koma kukwera kumavuta. Musalipire PhD ndi ndalama za makolo, funani sikolashipu. Yang'anani African Economic Research Consortium ya ku Nairobi, imene imathandiza ophunzira a masitazi ndi PhD m'mayunivesite a mu Africa. University of Pretoria ndi University of Cape Town ali ndi magulu olimba a zachuma cha chilengedwe, ndipo pali gulu la ofufuza la Environment for Development loyendetsedwa kuchokera ku Gothenburg ku Sweden. Palinso masikolashipu a Commonwealth, a DAAD ya ku Germany ndi a Chevening ya ku Britain. Chevening ndi ya masitazi okha ndipo imafuna kuti mukhale mutagwirapo ntchito. Posankha, musathamangire dzina la dziko. Funani mphunzitsi amene amalemba pa nkhani yanu, muwerenge mapepala ake, mumulembere kalata yaifupi yonena funso lanu ndi kumene mudzapeza manambala.

Za ndalama sindikunamizani. Anzanu a ku banki adzagula galimoto inu mukadali ndi chikwama kumsana. Mukadzayamba ntchito, makalasi ndi aakulu, zochonga ndi mulu, koma pokukwezani amawerenga mapepala amene mwasindikiza m'majenulo odalirika, ndipo pepala limodzi litha kutenga chaka kapena kuposa. Chenjerani ndi majenulo okutumizirani imelo yolonjeza kusindikiza m'sabata imodzi mukalipira, amenewo amaipitsa dzina. Ma consultancy amathandiza pakhomo, koma akachuluka kafukufuku wanu amafa.

A kunyumba musawaone ngati adani. Anagulitsa nshawa ndi chimanga kuti mufike apa, ndipo ali ndi chifukwa chofunira kuona malipiro. Kugwira ntchito zaka ziwiri sikutseka njira, makamaka mukaipeza kufupi ndi phunziroli, monga ku mabungwe ofufuza a IAPRI (za ulimi) ndi ZIPAR (za ndondomeko za chuma), ku ERB kapena ku Rural Electrification Authority. Ngakhale ku banki komweko, bola madzulo muzipitiriza masamu ndi kulemba makalata a sikolashipu. Auzeni zaka zimene zidzatenge, musawabisire.

Mukapita ku Katete pa holide, bwerekani sikelo. Sabata iliyonse muziyeza thumba ndi kapulasitiki ka makala pamsika, mulembe mtengo, kumene achokera, ndi maola amene malaiti anazima sabata imeneyo. Mukatero miyezi ingapo mudzakhala ndi chokamba m'kalata yanu yopita kwa mphunzitsi, ndipo mukafuna woiwerenga musanatumize, ndilembereni ku inbox.