Chimbale cha chinkhoswe chakana pa deki ya agogo

Achimwene ena a ku Lizulu anditumizira imelo sabata yatha. Akuti anajambula chinkhoswe cha mchemwali wawo pa foni, anakopera mavidiyowo pa laputopu, n'kuwabena pa chimbale. Pa laputopupo chikuonetsa bwinobwino, koma atapita nacho kwa agogo ku Tsangano, deki ikungozungulira, pa TV osatuluka kanthu. Akufunsa ngati chafa ndi chimbale kapena deki.

Achimwene, palibe chimene chafa apa. Inuyo munangoponya mafailo pa chimbale ngati mmene timachitira pa fulashi. Foni imajambula vidiyo ya mtundu wa MP4, ndipo laputopu, makamaka ikakhala ndi pulogalamu yoonera mavidiyo ya VLC, sisankha mtundu. Deki yakale ndiye yamakani. Imafuna vidiyo ya mtundu wa MPEG-2, yokhala mu foda yotchedwa VIDEO_TS, momwe mumakhala mafailo a VOB, IFO ndi BUP. Ikapanda kuziona zimenezi, kwa iyo chimbalecho n'chopanda kanthu.

Ndiye pezani pulogalamu yopangira DVD. Ine ndimagwiritsa ntchito DVDStyler, ndi yaulere. Ikakufunsani kusankha pakati pa PAL ndi NTSC, mitundu iwiri ya kaonetsedwe ka TV, sankhani PAL, chifukwa ndi imene timagwiritsa ntchito kuno: kukula kwa chithunzi 720x576, zithunzi 25 pa sekondi. NTSC ndi ya ku America ndi Japan, ndipo pa ma TV ena akale imatuluka yopanda mitundu kapena yothamangathamanga. Lowetsani mavidiyo anu, pulogalamuyo iwasintha yokha. Pamafunika kudekha, laputopu yofooka imatha maola ndithu.

Chimbale wamba chimanyamula 4.7 GB, pafupifupi maola awiri a kanema wooneka bwino. Chinkhoswe cha kwathu kuno tikuchidziwa: ankhoswe alankhule, nkhuku isinthanidwe, kenako pelekanipelekani mpaka dzuwa kulowa. Musapanikize zonsezo pa chimbale chimodzi, nkhope za anthu zidzaoneka madontho okhaokha. Gawani pawiri. Gulani DVD-R, ndi imene madeki akale ambiri sakana, ndipo benani pang'onopang'ono, pa liwiro la 4x kapena 8x. Laputopu ikhale yodzaza moto. Ine ndinaonongapo zimbale ziwiri tsiku limodzi, magetsi atathima ntchito ili pakati, batire langa linali lakufa kale.

Musanavutike ndi zonsezi, kayang'aneni kutsogolo kwa deki ya agogoyo. Ngati pali polowetsa fulashi ndipo palembedwa DivX, sinthani mavidiyowo akhale a mtundu wa AVI ya Xvid pogwiritsa ntchito pulogalamu ya Format Factory, muwaike pa fulashi yofomatidwa mu FAT32. Failo imodzi isapitirire 4 GB, FAT32 siilandira.

Munafunsanso zoonera laputopu pa TV. Ngati TV ndi yatsopano, nthambo ya HDMI ikukwanirani, imanyamula chithunzi ndi mawu pamodzi. Pa laputopu dinani mabatani a Windows ndi P nthawi imodzi, musankhe Duplicate. Nthambo ya VGA imanyamula chithunzi chokha, mawu muwapezere nthambo yawoyawo. TV yachimsana ija ya mabowo atatu, lachikasu, loyera ndi lofiira, imafuna kabokosi kosintha HDMI kukhala AV, yolowa pa mabowo atatuwo. Nthambo yokha yopanda kabokosi musagule, n'kutaya ndalama.

Mafailo oyamba a pa foni aja musafufute, DVD imachepetsa kuoneka bwino kwa chithunzi ndipo sikubwereranso. Ndipo ngati munajambula foni itaimirira, agogo muwauziretu kuti TV yawo sinaonongeke: mkwatibwi aoneka pakatikati, m'mbali monse muli bii.