Za satifiketi ya nyumba ija alamu anu akunena

Achimwene, ndaona ena akungoseka mmakomentimu koma funso lanu ndi lenileni. Mwati mukumanga nyumba ya zipinda zitatu pa Dedza boma pano, ndiye alamu anu aku Joni akuti mupeze satifiketi yoti nyumbayo siwononga chilengedwe komanso sidya magetsi ambiri, inu simukudziwa poyambira.

Pepalalo lilikodi. Iwowo mwina akunena Green Star yomwe imayenda kwambiri ku South Africa, kapena LEED yaku America, koma zimenezo zimakonda zinyumba zikuluzikulu, maofesi ndi mahotela. Yoyandikirako ife ndi EDGE, anayambitsa ndi a IFC, nthambi ya World Bank. Iwo amafuna nyumba yanu ichepetse 20% pa magetsi, 20% pa madzi, ndi 20% ina pa zomwe zimawonongeka popanga zomangira ngati simenti ndi njerwa, poyerekeza ndi nyumba wamba. Mukafika 40% pa magetsi amati EDGE Advanced. Ali ndi app yaulere pa intaneti, mumalowetsamo kukula kwa nyumba, mawindo, khoma, denga, mipope, iyo nkukuwerengerani. Zaulere zathera pomwepo. Kuti pepala lituluke pamafunika odita wovomerezeka aone pulani musanamange, adzaonenso nyumba ikatha, ndipo zolipira zake ndi zamadola, inu mukudziwa mmene dola ikuvutira.

Ine ndingoti ngati ndi nyumba yogona inu, mayi akunyumba ndi ana, pepalalo lisiyeni kaye, ndani adzakufunseni? Kupatula ngati ndi loji ya alendo okaona zojambula za pamiyala ku Chongoni, kapena nyumba zarenti zambiri zoti mukakopere nazo oika ndalama. Koma app ija seweretsani ndithu, imatsegula mmaso.

Kuno vuto lathu si kutentha ngati ku Salima, ndi kuzizira, tili pamtunda mamita pafupifupi 1,600. Mu Juni ndi Julaye dzuwa limadutsa chakumpoto, ndiye mawindo akuluakulu a pabalaza ndi kuchipinda ayang'ane kumpoto, denga litulukeko pang'ono kuti dzuwa la Okutobala lija likakhala pamutu lisamalowe. Ine apa ndinagwa nayo, ndinangotsata msewu kuti nyumba izioneka bwino kwa odutsa, balaza linayang'ana kummwera, pano mu Julaye timakhala mmajekete masanasana mnyumba pomwe panja dzuwa likuwala, ana amanyamula mbale zawo za phala kukadyera kuseri kwa khitchini. Odutsawo sanandipatseko ngakhale bulangete. Siling'i musamuone ngati wamanyado. Chaka choyamba ndinalibe, mbandakucha malata ankachita thukuta nkumadonthera pabedi, mayi akunyumba mpaka anatchera beseni kuganiza kuti denga likudontha pomwe mvula inasiya mu Epulo.

Za njerwa, kuyambira 2018 malamulo omwe anaika a NCIC, bungwe loyang'anira zomangamanga, amaletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zamalonda, ndiye ikakhala loji palibe kuchitira mwina, ndi mabuloko a simenti kapena ma SSB, aja amasakaniza dothi ndi simenti pang'ono nkupsinja pamakina osaotcha. Ngakhale nyumba yanuyanu ganizirani, uvuni umodzi umadya mitengo yosati masewera, taonani mapiri athuwa mmene ayerera mukamatsika M1 kupita ku Lizulu.

Chimene chimamaliza mayunitsi a ESCOM si mababu. Babu la LED ndi mawatsi 9 basi, pomwe giza amakoka 2,000 mpaka 3,000, ndipo madzi a Dedza mmene amazizirira amayaka nthawi yaitali. Ikani giza wa sola padenga. Mapanelo nawo ayang'ane kumpoto, opendekeka madigiri ngati 15. Wokuikirani akhale ndi chiphaso cha MERA, mumuuze akuonetseni osati kungonena pakamwa. Ine ndinathamangira zotchipa pa shopu ina ku Lilongwe, mnyamata wa pamenepo nkudzalumikiza yekha, batire inafa isanathe miyezi inayi, nditabwerera anangoti mumaigwiritsa ntchito molakwika bwana.

Madzi ndi masamu ophweka, mvula ya milimita imodzi pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi, denga la masikweya mita 100 ikagwa ya mamilimita 20 mwakolola malita 2,000, ochapira ndi kuthirira dimba. Magata ndi thanki basi.

Pepala lomwe simungalizembe ndi pulani yovomerezedwa ku khonsolo. Kenako sungani malisiti onse, muzijambula khoma musanapake pulasitala ndi mudenga musanatseke siling'i, chifukwa alamuwo akadzaumirirabe za EDGE odita adzafuna umboni umenewo. Maziko mwakumba kale? Ngati ayi, kaimeni pa pulotipo cha mma 7 mmawa, dzuwa likhale kudzanja lanu lamanja, komwe mwayang'anako ndiye kumpoto, muwauze amisiri asanakhome zikhomo.