Chifukwa chake gasi sakuwonjezeka mukatsitsa presha ya ku evaporator

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji model yanu ikuonetsa gasi wa mufiriji wa R134a wodutsa mu capillary (kapaipi kowonda kotsitsa presha) akuchuluka mukatsitsa presha ya ku evaporator (mbali yoziziritsa), pomwe pa makina enieni sakusintha. Masamu simunalakwitse ayi. Kungoti gasiyo mwamutenga ngati madzi oyenda m'paipi kuyambira polowera mpaka potulukira, chonsecho amasintha ali m'njira.

Polowa amakhala wamadzimadzi, ndipo presha imatsika pang'onopang'ono chifukwa chokhulana ndi khoma la kapaipiko, komwe mkati mwake nthawi zambiri sikapitirira mamilimita 2. Pamenepo friction factor wamba, nambala yowerengera kukhulanako, imakwanira. Koma presha ikatsika kufika poti gasi angawire pa kutentha kumene ali nako, timathovu timayamba. Nthunzi imafuna malo aakulu, ndiye chosakanizacho chimayamba kuthamanga, presha n'kumagwa mwachangu chakumapeto kwa paipi.

Apa mpomwe ndikufuna mugwirepo bwino. M'chosakaniza cha madzi ndi nthunzi, liwiro la phokoso limakhala lotsika kwambiri kuposa m'madzi okha kapena m'nthunzi yokha. Gasi akafika liwiro limenelo potulukira, yachitika choking. Kaya mutsitse bwanji presha ya ku evaporator, wodutsa sawonjezeka, chifukwa presha yotsalayo imakagwera kunja kwa kapaipi.

Ine ndimayamba ndi homogeneous model, yomwe imati madzi ndi nthunzi zikuyenda pa liwiro limodzi. Paipi musaigawe potengera kutalika, igaweni potengera presha. Tsitsani presha pang'ono, pezani kuchuluka kwa nthunzi pophatikiza enthalpy (mphamvu ya kutentha yomwe gasi ali nayo) ndi mphamvu ya liwiro, kenako werengerani utali wa kachigawoko. Entropy (muyeso wa kumwazika kwa mphamvu) ikasiya kukwera, imani pomwepo, mwafika pa choking. Manambala a gasi tengani mu pulogalamu ya pakompyuta ya CoolProp kapena ya REFPROP ya NIST, bungwe la miyeso la ku America. Pa viscosity (mmene chosakanizacho chimakanira kuyenda), njira za McAdams, Cicchitti ndi Dukler zimapereka mayankho osiyana, choncho sankhani yomwe ikuyandikira zomwe mwayeza.

Musadabwe zoyeza zikaposa model pang'ono. Gasi sawira nthawi yomweyo akafika powirira, amapitirira kaye ali wamadzimadzi, ndipo zimenezi zimawonjezera wodutsa. Onaninso ngati capillary yanu anaimatiza ku suction line, paipi yobweza gasi kuchokera ku evaporator kupita ku compressor. Ngati ndi choncho, ikutaya kutentha m'njira, ndipo kutenthako muyenera kukuwerengera pa kachigawo kalikonse komwe mapaipi awiriwo akhudzana.