Mugulitse chigayo kapena muzilipiritsa pogaya? Nkhani ya Microsoft ndi IBM

Funso loyamba sabata ino lachokera kwa mnyamata wina wa ku Area 25, kuno ku Lilongwe. Ndalifupikitsa pang'ono.

"Alangizi, ndinaphunzira za makompyuta koma ntchito sindinaipezebe. Ndinalemba pulogalamu yowerengera katundu m'sitolo. Imaonetsa matumba a simenti amene atsala, malata amene atuluka ndi anthu amene atenga katundu pa ngongole. Bambo ena a sitolo ya hadiweya ku Old Town aiyesa miyezi itatu ndipo aikonda. Akuti andipatsa K1,500,000 kamodzi, koma pulogalamuyo ikhale yawoyawo, ndisadzaiperekenso kwa munthu wina. Ndili ndi ngongole ya lendi ya miyezi iwiri. Anzanga akuti ndingotenga ndalamazo. Nditani?"

Achimwene, anzanuwo sakunama ayi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo alandilodi sadya pulogalamu. Koma musanasaine chilichonse, ndiloleni ndikufotokozereni momwe Microsoft inakulira, chifukwa mphambano imene mwaimapoyi ndi yomweyo imene inalemeretsa kampani imeneyi n'kusiya ina ikudziguguda pachifuwa.

Microsoft inayamba mu Epulo 1975 ku Albuquerque, m'chigawo cha New Mexico ku America. Eni ake anali anyamata awiri, Bill Gates wa zaka 19 ndi Paul Allen wa zaka 22. Kampani ina ya kumeneko, MITS, inali itangotulutsa kakompyuta kotchedwa Altair 8800, kabokosi ka maswitchi ndi timagetsi tothwanima, kopanda sikirini ngakhale kiyibodi. Anyamatawa anauza a MITS kuti ali ndi pulogalamu ya BASIC, chinenero cholembera malangizo a kompyuta, yoti igwire pa kabokosiko, pamene anali asanailembe n'komwe. Anaikhalira pansi masabata angapo usana ndi usiku, Altair yeniyeniyo asanaigwirepo, ndipo Allen anakwera ndege atanyamula pulogalamuyo pa tepi ya pepala yobowolabowola. Atafika anaiika m'makinawo, n'kugwira.

Chiyambi chimenecho n'chokoma kuchimva, koma chuma sichinachokere pamenepo. Chinabwera mu 1980, kampaniyo itasamukira kale ku Bellevue, pafupi ndi Seattle. IBM, chimphona cha makompyuta pa nthawiyo, inkapanga kompyuta yaing'ono ya pa desiki ndipo inkasowa pulogalamu yaikulu yoyendetsa makina onse. Inakambirana ndi Digital Research, eni ake a CP/M, pulogalamu ya mtundu umenewu imene inali yotchuka masiku amenewo, koma sanamvane. Microsoft inati ipereka. Vuto linali lakuti nayonso inalibe.

Mumzinda wa Seattle momwemo munali kakampani kotchedwa Seattle Computer Products, ndipo wantchito wake Tim Paterson anali atalemba pulogalamu yotere, 86-DOS. Microsoft inayamba yalipira madola 25,000 kuti iloledwe kuigwiritsa ntchito, kenako mu Julayi 1981 inawonjezera madola 50,000 n'kuigula yonse, ndi umwini womwe. Mwezi wotsatira, Ogasiti 1981, kompyuta ya IBM inalowa pamsika.

Apa ndiye mutchere khutu. Microsoft inagula kwathunthu, koma kwa IBM sinagulitse kwathunthu. Inangopereka chilolezo, laisensi, n'kusunga ufulu wopereka pulogalamu yomweyo kwa makampani ena. A IBM sanaone chovuta, poti maso awo anali pa makina. Pasanapite nthawi makampani ngati Compaq anayamba kupanga makompyuta ogwira ntchito mofanana ndi a IBM, ndipo aliyense wa iwo ankafuna MS-DOS, dzina limene Microsoft inapatsa pulogalamu inagula ija. Pulogalamu inalembedwa kamodzi, koma ndalama zinkalowa kuchokera kwa opanga makompyuta ambirimbiri, chaka ndi chaka. Windows itabwera mu 1985, n'kudzatchuka ndi Windows 3.0 mu 1990 ndi Windows 95, inadutsa njira yomweyo yolambulidwa kale. IBM inadzagulitsa bizinesi yake ya makompyuta ang'onoang'ono kwa Lenovo mu 2005. A Seattle Computer Products anakasumira Microsoft kukhoti, ndipo mu 1986 nkhani inatha pomvana kuti alandire madola 925,000. Ndi ndalama ndithu, koma chaka chomwecho Microsoft inalowa pamsika wa masheya ndipo Gates anali kale pa ulendo wokhala mmodzi wa anthu olemera kwambiri padziko.

Ndikudziwa kuti powerenga mwadziika pa mpando wa Gates. Aliyense amatero. Koma mukasaina zimene bambo a ku Old Town akufuna, mpando wanu ukhala wa Seattle Computer Products.

Taganizani za mwini chigayo ku Mchesi. Atabwera munthu n'kunena kuti chigayo chanu chimagaya bwino, ndigulitseni, koma musadzagayirenso munthu wina moyo wanu wonse, angavomere? Pulogalamu ndi yoposanso chigayo, chifukwa ikhoza kugaya m'masitolo makumi awiri nthawi imodzi, ku Kawale, ku Biwi, ku Area 23, mpaka ku Lumbadzi, popanda kugulanso injini ina. Masitolo a hadiweya mu Lilongwe muno ndi angati amene akulembabe ngongole m'kope la sukulu?

Musawatenge bambowo ngati mdani. Akafuna kuti chinthu chikhale chawochawo, kawirikawiri pamakhala mantha awiri. Oyamba ndi akuti mukapereka kwa woyandikana nawo amene akulimbirana naye makasitomala, mwinanso mukamuululira mitengo yawo ndi maina a amene amawagula. Achiwiri ndi akuti tsiku lina mudzapeza ntchito ku Johannesburg, foni n'kusiya kugwira, iwo n'kutsala ndi kompyuta yodzaza ndi ngongole za anthu koma yosatseguka. Mantha onsewa ndi omveka, ndipo onse ali ndi mankhwala osafuna kuti mugulitse umwini.

Pitani mukakhale nawo pansi, makamaka madzulo sitolo ikatsekedwa, osati ali pakati pa kuwerengetsa malata. Mukawauze kuti zonse zolembedwa m'pulogalamumo, maina, mitengo, ngongole, ndi zawo, ndipo mudzawapatsa njira yozitulutsira mu Excel nthawi ina iliyonse. Ngati akuopa oyandikana nawo, alonjezeni kuti kwa chaka chimodzi simupereka pulogalamuyi kwa sitolo ina ya hadiweya ya ku Old Town. Chaka chimodzi, dera limodzi, mtundu umodzi wa sitolo, osati dziko lonse mpaka kalekale. Koma source code, malangizo amene munalemba popanga pulogalamuyo, ndi yanu, ndipo mawu amenewa aoneke papepala.

Pa ndalama, tiyeni tingoyerekeza. Mutawalipiritsa K400,000 yoikira pulogalamu ndi kuphunzitsa ogulitsa awo, lendi ija yapepuka. Kenako K40,000 pamwezi yoisamalira. Kwa iwo ndi zopepuka kuposa kutulutsa K1,500,000 tsiku limodzi. Kwa inu, mukapeza masitolo khumi ndiye K400,000 mwezi uliwonse, ndipo pa miyezi inayi mwadutsa kale ndalama imene akukulonjezaniyo. Mitengo yeniyeni muiona nokha malinga ndi msika, koma m'pangano mulembemo kuti mtengo wa pamwezi uziunikidwanso chaka chilichonse. Amene anasaina mapangano a zaka zambiri kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 angakuuzeni chifukwa chake.

Kulipiritsa pamwezi kuli ndi ubwino winanso. Mu 1976 Gates analemba kalata yodandaula kuti anthu ambiri akungokoperana BASIC osalipira. Vuto limenelo silinathe, ndipo nonse mukudziwa kuti makompyuta ambiri m'tauni muno ali ndi Windows imene palibe anailipira. Yanunso idzayenda pa fulashi. Wogulitsa m'sitolo akachoka ntchito adzapita nayo kwa bwana wake watsopano. Muikonze kuti izifuna nambala yotsegulira mwezi ndi mwezi, imene muzitumiza ndalama ikalowa pa Airtel Money kapena Mpamba. Microsoft nayonso inatembenukira komweko: kuyambira 2011 inabweretsa Office 365, yolipira mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka, m'malo modalira kugulitsa bokosi kamodzi.

Walira mvula walira matope. Mukasunga umwini mwasunganso udindo. Magetsi akathima pakati pa malonda Loweruka masana, zolemba n'kusokonekera, foni imene idzalire ndi yanu, kaya muli ku ukwati. Masitolo khumi ndi mabwana khumi. Ngati mukudziwa mumtima mwanu kuti mukungodikira ntchito ya ku Capital Hill ndipo zoyendayenda m'masitolo simukuzifuna, gulitsani, koma pamtengo wa chigayo, osati wa thumba limodzi la ufa.

Pomaliza pa funso lanu, pali mbali ya nkhani ya Gates imene okamba zolimbikitsa achinyamata amakonda kuilumpha. Bambo ake anali loya wodziwika ku Seattle, ndipo mayi ake ankakhala mu bodi ya bungwe lachifundo la United Way limodzi ndi John Opel, mkulu wa IBM. Mnyamatayu anakulira m'nyumba momwe mawu a pangano sanali achilendo. Inu mulipire loya awerenge pepala lanu, ngakhale likhale la masamba awiri okha. Lembetsani dzina la bizinesi, mutenge TPIN, nambala ya okhoma msonkho, ku MRA, kuti muzipereka invoisi ngati kampani, chifukwa munthu amene akuoneka ngati waganyu amalipidwanso ngati waganyu.

Funso lachiwiri ndi lalifupi, lochokera kwa mayi ena a ku Area 18 amene apuma ntchito posachedwa: "Mwana wa mchemwali wanga akuti ndiike ndalama zanga za penshoni m'masheya a Microsoft kudzera pa app ina ya pafoni, akuti kampani imeneyi siigwa. Ndi zoona?"

Mayi, kampaniyo ndi yaikuludi. Sheya imodzi inagulitsidwa madola 21 mu Malichi 1986, ndipo chifukwa cha kugawidwagawidwa, sheya imodzi ya nthawi imeneyo inasanduka masheya 288. Mu 2019 mtengo wa kampani yonse unafika madola 1 thililiyoni, ndipo mu Januwale 2024 unadutsa 3 thililiyoni. Koma mwanayo sanakuuzeni zapakati. Amene anagula masheya kumapeto kwa 1999, mtengo uli pamwamba, anadikira mpaka 2016 kuti mtengowo ubwerere pomwe anagulira. M'zaka zimenezo kampaniyo inalimbana ndi boma la America kukhoti pa mlandu wopondereza opikisana nawo, mpaka woweruza wina mu 2000 analamula kuti igawidwe pawiri, ngakhale chigamulocho chinadzasinthidwa pa apilo. Inagula bizinesi ya mafoni ya Nokia mu 2014 pa madola opitirira 7 biliyoni, ndipo chaka chotsatira inavomereza kuti pafupifupi ndalama zonsezo zalowa m'madzi. Inadzatsitsimuka pansi pa Satya Nadella, amene anatenga utsogoleri mu 2014 n'kuika mphamvu pa Azure, bizinesi yobwereketsa makompyuta akuluakulu kudzera pa intaneti. Munthu wa zaka 30 akhoza kudikira zaka 16. Penshoni yogulira mankhwala ndi chakudya siingadikire choncho.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri si Microsoft, koma app imeneyo. Masheya a Microsoft amagulitsidwa pa msika wa Nasdaq ku America, m'madola, ndipo kutulutsa ndalama zakunja m'dziko muno kuli ndi malamulo ake a Reserve Bank of Malawi. Ngati wina akuti mungotumiza makwacha pa nambala ya foni ya munthu ndipo mawa muona phindu pa sikirini, zimene mukugulazo si masheya. Ngati mtima wanu uli pa masheya, tili ndi Malawi Stock Exchange ku Blantyre, komwe kuli makampani amene mumawadziwa monga National Bank, Illovo, TNM ndi Airtel Malawi, ndipo mumagula kudzera kwa broker wovomerezeka, mkhalapakati wogula ndi kugulitsa masheya, masheyawo n'kulembedwa m'dzina lanu. Nakonso mitengo imakwera n'kutsika, choncho muikeko gawo lokhalo limene simulifuna zaka zisanu zikubwerazi.

Mwanayo mumufunse dzina la kampani imene ili kuseri kwa app imeneyo, dziko limene inalembetsedwa, ndi bungwe limene limaiyang'anira. Akakuyankhani mundilembere, tidzaione limodzi musanatumize ngakhale K1,000.