Kodi Aaramu anali abale a Aisraeli kapena adani awo?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Mponela amene amaphunzitsa Sande sukulu. Funso lawo linali lotere: "Pokonzekera phunziro la Namani ndinaona kuti Baibulo lina likuti anali kazembe wa mfumu ya Aramu, pomwe la Chingerezi likuti anali wa ku Syria. Kenako pa Deuteronomo 26:5 ndinapeza Mwisraeli akunena kuti kholo lake linali Mwaramu. Mutu wanga waima. Aaramuwa ndani? Anali adani kapena abale? Ana ndiwauza chiyani?"

Mayi, zikomo chifukwa cha funso lanu. Aaramu anali abale, ndipo pambuyo pake anadzakhalanso adani. Chinayamba ndi chibale, ndipo Baibulo silinachifufute ngakhale pa nthawi imene magazi ankakhetsedwa.

Za dzinalo zisakuvuteni. Aramu ndi Siriya ndi malo amodzi. Chiheberi chimati Aramu, koma Ayuda amene anamasulira Malemba m'Chigiriki ku Alexandria, kuyambira m'zaka za m'ma 200 BC, analemba kuti Syria, ndipo King James Version ya 1611 inatsata zomwezo. Chenjerani kokha kuti musawasokoneze ndi Asuri, mtundu wina umene unadzawagonjetsa. Aaramu sanakhalepo pansi pa mfumu imodzi. Anali ndi maufumu ang'onoang'ono monga Damasiko, Zoba ndi Gesuri, ndipo ena ankakhala kufupi ndi Harani, kumene lero ndi kumwera kwa Turkey. Cha m'ma 1100 BC mfumu ya Asuri, Tigilati Pilesere Woyamba, inalembetsa modzitama kuti inawoloka mtsinje wa Firate ka 28 powathamangitsa.

Tiyeni tilowe m'banja, chifukwa kumeneko ndiye kuli phata la nkhaniyi. Abrahamu atafuna kupezera Isake mkazi, anatuma wantchito wake kwa abale amene anatsala ku Harani. Genesis 25:20 imatchula Rabeka kuti mwana wa Betuele Mwaramu, mlongo wake wa Labani Mwaramu. Choncho Yakobo pothawa mkwiyo wa Esau anathawira kwa amalume ake enieni. Kumeneko anakwatira asuweni ake, Leya ndi Rakele, nakhala mkamwini zaka 20: zaka 14 kugwirira akazi, zaka 6 kugwirira ziweto. Mvetserani madandaulo ake pa Genesis 31:40-41. Masana dzuwa linkamuwotcha, usiku chisanu chinkamudya, tulo tinamuthawa, ndipo apongozi ake anamusinthira malipiro kakhumi. Aliyense amene analimapo munda wa apongozi, nkhokwe n'kudzaza koma iye wopanda mawu, akumva zimene Yakobo ankanena. Akuluakulu amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ndipo Yakobo anatererekadi pamene Labani anali atapita kukameta nkhosa.

Labani atamupeza ku mapiri a Gileadi ananena kuti ana aakaziwa ndi anga, zidzukuluzi ndi zanga, ziwetozi ndi zanga. Aisraeli ankawerengera mtundu kuchimuna, n'chifukwa chake mawuwo sanagwire. Koma ife amene timadziwa mphamvu ya mwini mbumba tikumva kulemera kwake. Ana aamuna 11 a Yakobo, pamodzi ndi Dina, anabadwira pamudzi wa Labani. Amayi onse a mafuko 12, kuphatikizapo Biliha ndi Zilipa, anatuluka m'nyumba yake. Kuchikazi kwa Aisraeli ndi ku Aramu.

Tsikulo anthu awiriwa anaunjika miyala kuti ikhale mboni. Labani anatcha muluwo Yegara Sahaduta, Yakobo anautcha Galeeda. Tanthauzo ndi limodzi, mulu wa umboni, koma wina analankhula Chiaramu, wina Chiheberi. Awa ndiwo mawu oyamba a Chiaramu m'Baibulo lonse. Analumbirirana kuti palibe adzadumphe muluwo n'cholinga chokachita mnzake choipa, anadyera pamodzi, ndipo m'mawa Labani anapsompsona zidzukulu zake n'kubwerera kwawo.

Ndime imene yakuimitsani mutu yachokera pamenepo. Deuteronomo 26 imalamula mlimi kuti atenge zoyamba kucha za m'munda mwake, aziike m'dengu, apite nazo kwa wansembe. Dengu likaikidwa patsogolo pa guwa la nsembe, mlimiyo ayambe ndi mawu atatu a Chiheberi, arami oved avi, kutanthauza kuti kholo langa linali Mwaramu wosochera, wotsala pang'ono kutayika. Mawu akuti oved amanenedwanso za nkhosa yosochera. Kholo limeneli ndi Yakobo. Taganizirani munthu amene ali pa munda wakewake, tirigu wacha, mphesa zapsa, koma akuuzidwa kuti asanathokoze akumbuke poyera kuti agogo ake anali mlendo wopanda pake, ndipo awatchule ndi dzina la mtundu woyandikana nawo. Ndikaona madengu a chimanga ndi mtedza akulowa m'tchalitchi tsiku la masika, ndimalakalaka ndimeyi itamawerengedwa mokweza.

Ayuda ena akale ankawamva mosiyana mawu atatuwa. Ankati akutanthauza kuti Mwaramu anafuna kuwononga kholo langa, Mwaramuyo kukhala Labani. Rashi, mphunzitsi wotchuka wachiyuda wakale, anafotokoza choncho, ndipo ndi mmene amawerengera mpaka lero pa chakudya cha usiku wa Pasika. Koma Abraham ibn Ezra, katswiri wa m'zaka za m'ma 1100, anatsutsa poona kapangidwe ka mawuwo, nati akunena za Yakobo mwiniwake. Ine ndili mbali ya ibn Ezra, chifukwa chiganizo chotsatira chikuti munthuyo anatsikira ku Iguputo ndi anthu owerengeka, ndipo amene anatsikirako ndi Yakobo.

Pangano la pa mulu wa miyala silinasungidwe. Davide anamenyana ndi Hadadezere wa ku Zoba, ngakhale kuti iye yemweyo anakwatira Maaka, mwana wa mfumu ya Gesuri, amene anabereka Abisalomu. Ahabu anafera ku Ramoti Gileadi polimbana ndi Aaramu, chonsecho zolemba za Asuri zimamusonyeza ali mbali imodzi ndi mfumu ya Damasiko pa nkhondo ya Qarqar mu 853 BC. Woopsa kwambiri anali Hazaele, mfumu ya Damasiko, amene mneneri Elisa analira atamuyang'ana kumaso podziwa zimene adzachite kwa ana ndi amayi oyembekezera. Amosi akuti Damasiko anapuntha Gileadi ndi zopunthira zachitsulo, dera lomwe lija munali mulu wa umboni. Mu 1993 ofukula zakale otsogoleredwa ndi Avraham Biran anapeza ku Tel Dan, kumpoto kwa Israeli, chidutswa cha mwala wolembedwa m'Chiaramu, pamene mfumu ikudzitama kuti yagonjetsa Israeli ndi "nyumba ya Davide". Akatswiri ambiri amati anaulembetsa ndi Hazaele. Umboni wakale kwambiri wa dzina la Davide kunja kwa Baibulo unasungidwa ndi mdani.

Tsopano Namani wanu uja. Musanafike pa khate, imani pa vesi loyamba la 2 Mafumu 5. Likuti Yehova anapatsa Aramu chipambano kudzera mwa iye. Mlembi wachiisraeli akuvomereza kuti Mulungu wake anapambanitsa gulu lankhondo limene linkafunkha midzi ya kwawo, mpaka kugwira kamtsikana kamene kanadzakhala kantchito ka mkazi wa Namani. Kamtsikanako dzina lake silinalembedwe, koma ndiko kanaloza njira ya kwa mneneri. Ana a Sande sukulu adzadziona mwa iko.

Ambiri timathera pa kusamba kasanu ndi kawiri mu Yorodano, pamene mbali yokoma ili kutsogolo. Namani atachira anapempha dothi la mu Israeli lokwana nyuru ziwiri kusenza. Anthu a nthawi imeneyo ankaganiza kuti mulungu aliyense ali ndi dera lake. Pa 1 Mafumu 20:23 alangizi a mfumu ya Aramu ananena kuti Mulungu wa Israeli ndi wa kumapiri, kuchigwa alibe mphamvu. Namani anafuna kupita ndi dothilo ku Damasiko kuti akakhale ndi popembedzera Yehova. Kenako anaulula chimene chinkamudya mumtima. Ntchito yake inkamukakamiza kulowa m'kachisi wa Rimoni, mfumu itatsamira pa dzanja lake, ndipo mfumu ikagwada nayenso ankayenera kugwada. Anapempha kuti Yehova amukhululukire pa chimenechi. Elisa sanamupatse lamulo, sanamuuze kuti asiye ntchito kapena asamukire ku Samariya. Anangoti, pita mumtendere. Yankho limeneli limandikhudza nthawi zonse, chifukwa mneneri anaona munthu amene wangoyamba kukhulupirira ndipo akubwerera yekha kumalo ovuta. Yesu atakumbutsa anthu a ku Nazarete kuti akhate anali ambiri mu Israeli koma anachira ndi Namani yekha, Luka 4 ikuti anafuna kumuponya kuphedi.

Amosi 9:7 imafika patali kuposa pamenepo. Mulungu akufunsa kuti, kodi sindinatulutse Israeli ku Iguputo, Afilisti ku Kafitori, ndi Aaramu ku Kiri? Mneneri yemwe uja anadzudzula nkhanza za Damasiko akunenanso kuti Aaramu anali ndi ulendo wawo wa kutuluka, ndipo anawatsogolera ndi Yehova.

Ufumu wa Damasiko unatha mu 732 BC. Ahazi wa ku Yuda, ataopsezedwa ndi Rezini wa ku Aramu ndi Peka wa ku Israeli, anaitana Tigilati Pilesere Wachitatu, mfumu ya Asuri, amene anapha Rezini n'kusamutsa anthu ake. Nkhani ya Imanueli pa Yesaya 7 inanenedwa mkati mwa mantha amenewa. Koma chinenero chawo chinafalikira pamodzi ndi anthu osamutsidwawo. Pofika 701 BC nduna za Hezekiya zinkapempha nthumwi ya Asuri kuti ilankhule Chiaramu, kuti anthu wamba okhala pa linga asamve. Patapita zaka mazana angapo zinthu zinatembenuka: anthu wamba ndiwo ankalankhula Chiaramu, ndipo m'masunagoge Malemba a Chiheberi ankachita kuwamasulira. Danieli 2:4 mpaka 7:28, zigawo za Ezara 4 mpaka 7, ndi Yeremiya 10:11 zinalembedwa m'Chiaramu. Zilembo zimene Ayuda amalembera Chiheberi lero zinachokera ku kalembedwe ka Chiaramu, ndipo m'mudzi wa Maaloula ku Syria mudakali anthu olankhula chinenerochi.

Lamulungu likubwerali, mukamaliza za Namani, tsegulirani anawo Maliko 5:41. Yesu wagwira dzanja la mwana wa Yairo, wa zaka 12, ndipo akunena kuti Talita kumi, kamtsikana iwe, dzuka. Muwauze kuti mawu amenewo ndi a chinenero cha kwawo kwa Namani ndi Labani.