Toby Riddle sanali kapirikoni

Achemwali, mwafunsa ngati Toby Riddle, mayi wachi Modoc (umodzi mwa mitundu ya eni nthaka a dzikolo azungu asanafike) amene ankamasulira pa nkhondo ya 1872 mpaka 1873 ku America, anali kapirikoni poti anaulula chiwembu cha abale ake kwa azungu. Ine ndikukana, ndipo nkhaniyi imandikhudza kwambiri.

M'chaka cha 1864 boma linasamutsa a Modoc n'kuwaika malo amodzi ndi a Klamath, anthu omwe sankamwerana nawo madzi. Mtsogoleri wawo Kintpuash, amene azungu ankamutcha Captain Jack, anabwerera ndi anthu ake ku Lost River. Asilikali atawalondola mu Novembala 1872 nkhondo inabuka, ndipo a Modoc anakabisala m'mapanga a miyala pafupi ndi nyanja ya Tule, kumpoto kwa California. Amuna pafupifupi 60 okha anasautsa asilikali mazanamazana kwa miyezi ingapo.

Toby, amenenso amadziwika kuti Winema, anali msuweni wa Kintpuash, pomwe mwamuna wake Frank Riddle anali mzungu. Ndiye ankakwera hatchi kulowa m'mapangamo ndi mauthenga a nthumwi za boma. Ulendo wina m'bale wake anamunong'oneza kuti nthumwizo zikaphedwa pa msonkhano wa mtendere. Anakachenjeza, koma General Edward Canby sanamvere. Chopweteka n'chakuti mphekesera ya chenjezolo inabwerera kumapanga, ndipo a Modoc anamuitanitsa kuti atchule amene anamuuza. Anakana kwamtuwagalu pamaso pa amuna onyamula mfuti. Kapirikoni akanatchula dzina kuti apulumuke.

Musaiwalenso kuti Kintpuash mwiniwake sankafuna chiwembucho. Anzake anamuveka shawelo ndi chisoti cha chizimayi pomunyoza kuti ndi wamantha, mpaka anagonja. Toby ankadziwa azungu bwino, ndipo ine ndimaona kuti anazindikira zoti kupha mkulu wa asilikali kudzathetsa mpata wonse woti a Modoc apatsidwe malo kwawo.

Pa 11 Epulo 1873 anapitabe kukamasulira, akudziwa zimene zikubwera. Canby ndi m'busa Eleazar Thomas anaphedwa. Alfred Meacham, mtsogoleri wa nthumwi za boma zija, anawomberedwa kangapo, ndipo wina atayamba kumusenda khungu la kumutu, Toby anakuwa kuti asilikali akubwera. Anali kunama, koma onse anabalalika, Meacham n'kupulumuka. Pambuyo pake Meacham yemweyo anamumenyera nkhondo kuti boma limuthokoze, ndipo linadzayamba kumupatsa penshoni ya madola 25 pamwezi mpaka imfa yake mu 1920.

Chimene ankaopa chinachitikadi. Pa mlandu wa ku Fort Klamath iye ndi mwamuna wake ndiwo ankamasulira, kutanthauza kuti mawu oweruza msuweni wake ankadutsa m'banja lake lomwe. Pa 3 Okutobala 1873 Kintpuash ananyongedwa pamodzi ndi Schonchin John, Black Jim ndi Boston Charley, ndipo a Modoc oposa 150 anatengedwa pa sitima kupita kudera lomwe lero ndi Oklahoma.