Funsani Ankolo: labu ya kunyumba yokonzekera CCNP ndi CCIE

Ankolo moni. Ine CCNA, satifiketi yoyambira ya Cisco ya za ma netiweki, ndinakhoza nde pano ndikufuna kulowa yotsatira yake, CCNP Enterprise, kenako Mulungu akalola yapamwamba ija, CCIE. Vuto ndi loti Packet Tracer, pulogalamu yoyeserera ma netiweki yomwe inandithandiza ija, pano ikumangondikanira makomandi, ndikalemba zina za BGP, protocol yomwe ma rauta amauzirana njira, imangoti invalid input. Pali munthu akugulitsa ma rauta a Cisco 2911 atatu ndi ma switch a 2960 awiri akuti imeneyo ndi labu yokwanira. Ndigule? Laputopu yanga ili ndi RAM ya 8GB. Ndine wanu, Wofuna CCNP

Achimwene, ndalamazo zigwireni kaye. Packet Tracer sikuti yawonongeka ayi, yangofika pomwe imathera. Ijatu simayendetsa IOS yeniyeni, pulogalamu ya mkati mwa ma rauta a Cisco, imangotsanzira, anaikamo makomandi okwanira munthu wa CCNA basi, nde mukayamba kufuna ma route-map a nzeru, iBGP, DMVPN, imakweza manja. GNS3, EVE-NG ndi Cisco Modeling Labs, yomwe anthu amangoti CML, ndi zina zimenezo, zimadzutsa pulogalamu yeniyeni ya rauta mkati mwa kompyuta yanu, zomwe rauta ya mu rack ingachite nayonso ichita, ngakhale zolakwika zake zomwe.

Nde tiyeni tiwerenge zomwe akukugulitsanizo. CCNP Enterprise ndi mayeso awiri, ENCOR 350-401 omwe aliyense amalemba, ndi ena osankha, ambiri amatenga ENARSI 300-410. Mu ENARSI muli MPLS Layer 3 VPN. Kuti muione ikuyenda bwinobwino mukufunika ma rauta awiri a m'mphepete mwa provider (PE), imodzi ya provider pakati (P), ndi awiri a kasitomala kumapeto (CE), ma rauta asanu amenewo, inu muli ndi atatu. DMVPN nayo hub imodzi, ma spoke awiri, ndi ina yoimira intaneti pakati, anayi. Ma 2960 akale aja ndi a Layer 2, OSPF kapena EIGRP osayembekezera. Mugula lero, sabata yachitatu mupeza kuti zachepa, muyambanso kusaka ina, kenako ma kebo, kenako poika, kenako phokoso.

Pomwe pa kompyuta IOSv imodzi, rauta ya Cisco yoyendera mu kompyuta, imadya RAM ya 512MB yokha. Ma rauta khumi ndi ma 5GB, mukafuna yakhumi ndi chimodzi mungokoka ndi mausi, kebo yake mujambule. Ndalama ya zitsulo ija gulani RAM. 8GB ndi yothina chifukwa Windows ndi browser zatenga kale gawo lawo, 16GB mugwira nayo zambiri za ENARSI, 32GB nde mupuma bwino makamaka mukayamba kudzutsa Catalyst 8000V, rauta ina ya mu kompyuta yomwe imafuna ma 4GB iliyonse, ndipo mudzaifuna ndithu pa NETCONF ndi RESTCONF za mu ENCOR. Onaninso ngati laputopuyo imalola kuwonjezera, ena RAM yake inawotcheredwa pa bodi. Hard disk yozungulira ija ichoke, ikani SSD. Ndipo musanaike chilichonse lowani mu BIOS muyatse VT-x ngati ndi Intel kapena AMD-V ngati ndi AMD, anthu ambiri omwe amandilembera kuti ma node, ma rauta ndi ma switch a mu labu aja, akumangozima akangoyatsidwa vuto limakhala pomwepa.

Nkhani ya ma image, mafayilo a IOS omwe labu imadzutsa, tinene poyera. GNS3 ndi EVE-NG Community ndi zaulere koma zimabwera zopanda IOS, ma image ndi katundu wa Cisco, ndipo aja amagawidwa m'ma link osadziwika mwini ndi akuba, simudziwanso chomwe anaikamo. Njira yoyera ndi CML, ili ndi ya ulere yolola ma node asanu, ndi ya Personal yolipira pachaka yolola 20. Asanuwo musawaderere, MPLS ndawerenga ija ikwana. Ndipo BGP ndi OSPF si za Cisco yekha, FRRouting ndi yaulere ndipo makomandi ake amafanana kwambiri ndi a IOS, Juniper nayo imapereka vJunos kuti anthu ayeserere.

Kodi ndikuti chitsulo osachigwira ndi komwe? Ayi. Switch imodzi ya 3560 kapena 3750 ndi console kebo zikhalepo, munthu adziwe kutsegula PuTTY, pulogalamu yolowera mu switch, pa liwiro la 9600, aone kagetsi ka poti kakuchoka pa amber kupita pa green spanning tree ikamaliza zake, adziwe password recovery ndi manja. Imodzi ndi yokwana. Mukaigula yogwiritsidwa kale ntchito, musanailumikize kulikonse chitani write erase komanso delete vlan.dat, chifukwa ma VLAN ndi VTP revision number sizikhala mu startup-config, ndipo switch yobwera ndi revision yapamwamba mu domain ya dzina lomwelo imatha kufufuta ma VLAN a zinzake zonse. Kunyumba mungoseka, kuntchito akulemberani kalata.

Ankolo, ine CCNP ndili nayo, ndayamba za CCIE Enterprise Infrastructure. Anzanga akuti popanda seva palibe chomwe ndingachite, ndapeza Dell R730 yakale. Koma ndimakhala m'nyumba yaing'ono ndi mwana wakhanda. Nanga SD-WAN ndi Catalyst Center ndizikwanitsa pa seva imeneyi? Mayi wa ma packet

Achemwali, anzanuwo akunena zoona theka. Pa CCIE laputopu imagonjadi, chifukwa kuphatikiza pa ma rauta ambirimbiri mukufunika ma controller atatu a SD-WAN, vManage, vSmart ndi vBond, omwe pano anawasintha maina kukhala Manager, Controller ndi Validator, ndipo vManage yokha ndi dyera, RAM imaimwa ngati madzi. Seva ngati R730 imatenga ma CPU awiri a Xeon ndi RAM yochuluka, 128GB pamenepo si nkhani. Apo ili bwino.

Koma inapangidwira chipinda cha ma seva osati pogona mwana. Ikamayatsidwa ma fani amakuwa kaye onse asanatsike, ndipo ngakhale atatsika simungagone nayo chipinda chimodzi, magetsi nayo imadya ndipo imatenthetsa. Ngati pali kachipinda kena kopita mpweya ikani kumeneko, kokani kebo imodzi, muziiyatsa ndi kuizimitsa kudzera pa iDRAC, poti yoyendetsera seva ya Dell muli patali, muli pampando, isamakhale yoyaka usiku wonse pomwe inu mukugona. Ngati malo otero palibe, sakani workstation ya tower, monga Dell Precision kapena HP Z, zimatenganso RAM yambiri koma ma fani ake ndi aakulu oyenda pang'onopang'ono, phokoso ndi lochepa kwambiri. Ine kwa munthu wa mwana wakhanda ndingasankhe imeneyo.

EVE-NG mutha kuiika payokha pa makinawo kapena mkati mwa Proxmox, pulogalamu yoyendetsera ma virtual machine. Payokha imathamanga bwino, mu Proxmox mumapindula ma snapshot komanso malo a ka Linux koyeserera Python, Netmiko ndi Ansible, bola nested virtualization ikhale yoyatsa ndipo CPU type muike host.

Catalyst Center, pulogalamu ya Cisco yoyang'anira netiweki yonse yomwe kale inali DNA Center, musadzivutitse nayo kunyumba, imafuna makina aakulu kuposa labu yanu yonse. Pitani pa Cisco DevNet Sandbox, ndi yaulere, zina zimakhala zoyaka nthawi zonse zina mumasungitsa nthawi, kapena lipirani maola pa ma rack obwereketsa mayeso akayandikira.

Chinanso chomwe simunafunse, labu isakhudzane ndi netiweki ya m'nyumba mwachisawawa. Mukalumikiza ka cloud ka EVE-NG ku rauta ya panyumba kenako n'kuyesa DHCP pool pa interface yomweyo, mafoni a anthu onse ayamba kulandira ma IP a labu ndi gateway yosapita kulikonse, nde mumva kuitana kuchokera pabalaza. Ipatseni VLAN yakeyake kapena idutse pa NAT.

Ankolo labu ndili nayo, EVE-NG, RAM 32GB, ma topology okongola. Ndimatsatira mavidiyo, ndimalemba zomwe akulemba, ping imadutsa. Koma pakapita masabata awiri ndaiwala zonse. Mnzanga akuti ndingogula ma dump, mafunso obedwa a mayeso aja. Wotopa

Ma dump asiyeni aise. Ndi kuphwanya pangano lomwe mumavomera musanalembe mayeso, akakugwirani satifiketi amalanda, ndipo labu ya CCIE ndi maola 8, atatu a design ndi asanu a kumanga, kuyendetsa ndi kukonza, palibe dump ingakukhalireni pampando umenewo.

Vuto lanu ndi loti labu yanu simawonongeka. Mukukopera config ya munthu wina yomwe iye anaikonza kale kuti iyende, ping yadutsa, mwatseka. Mutu sunagwirepo ntchito pamenepo, zala zokha. Yesani chonchi. Dzutsani ma rauta awiri, OSPF ifike pa FULL, kutanthauza kuti agwirizana kwathunthu, kenako pa interface ya mbali imodzi lembani ip mtu 1400 ndi clear ip ospf process. Muona show ip ospf neighbor ikukakamira pa EXSTART kapena EXCHANGE, osasuntha. Musathamangire kubweza. Dinani pa link ija mutsegule Wireshark, sakani ma DBD packet, mkati mwake muli malo olembedwa Interface MTU, kukula kwa packet komwe interface imalola, wina akuti 1500 wina 1400, ndipo amene walandira nambala yoposa yake akuikana. Mukaziona ndi maso anu chonchi simudzaiwalanso, tsiku lina kuntchito mukadzaona EXSTART dzanja lidzapita lokha pa MTU. Kenako sinthani hello timer mbali imodzi muone kuti ulendo uno neighbor sakuonekanso n'komwe, kenako area, kenako authentication, chilichonse chimafa mwa mtundu wake ndipo kafedweko ndi komwe mayeso amafunsa.

BGP chimodzimodzi. Mangani eBGP kunja ndi iBGP mkati, dala musaike next-hop-self. Route ioneka mu show ip bgp koma yopanda kachizindikiro ka best, mu routing table mulibe. Khalani nayo mpaka mumvetse kuti rauta yamkatiyo sikudziwa njira yopitira ku next hop yomwe yapatsidwa, nde mupeze njira ziwiri zokonzera osati imodzi.

Mavidiyo onerani koma labu ikhale yotseka. Mukamaliza tsekani vidiyo, tengani pepala mujambule topology ndi ma IP anu, mumange kuchokera pa zero osasuzumira, pomwe mwakakamira mpomwe simukudziwa, pawerengeni pamenepo mu documentation ya Cisco osati kubwerera ku vidiyo. Tsitsani blueprint ya mayesowo pa Cisco Learning Network, mutu uliwonse wolembedwa configure kapena troubleshoot ukhale ndi labu yake, wolembedwa describe kuwerenga kukwana, osataya mwezi kumanga chinthu chomwe angokufunsani kuti ndi chani.

Ndipo mnzanu wa ma dump uja mpatseni ntchito yabwinoko. Sungani config yoyenda bwino, export ilipo mu EVE-NG, mumupatse awononge zinthu zitatu osakuuzani, ACL yobisika pa interface, passive-interface pomwe sipafunika, route-map yopanda permit yomaliza yomwe ikumeza ma route onse pa redistribution. Inu muike wotchi ya mphindi 30 musake. Mukapeza lembani m'kabuku mizere itatu, chomwe ndinaona, komandi yomwe inandionetsa, chomwe chinali vuto. Sabata yotsatira musinthane, inu muwononge yake.